Muvi wa Pansonga pa Mlongoti

Kumunsi kwa mudzi wina wa kwa Wimbe, pamene kale panali damu la esiteti ya fodya, pali boti. Si bwato la asodzi ayi, koma boti lenileni la matanga, lokhala ndi kachipinda m'kati ndi mlongoti wautali kuposa mtengo wa mango uliwonse m'mudzimo. Analibweretsa pa lole mzungu amene ankayang'anira esitetiyo, kuti aziliyendetsa padamu Lamulungu anthu ali kutchalitchi. Esiteti itagwa mzungu anapita kwawo, khoma la damu linagumuka chaka china cha mvula yambiri, madzi anathawa, boti n'kutsala litakhala pamatope ngati nkhuku yofungatira mazira. A Lameki, amene ankalisamalira zaka zonsezo, analichirikiza ndi mitengo ya bulugama mbali zonse ziwiri, namanga nyumba yawo pafupi. Anthu ankaseka kuti penshoni ya a Lameki ndi imeneyo, boti lopanda madzi.

Ankaseka, koma podutsa aliyense ankakweza maso. Pansonga pa mlongoti panali muvi wachitsulo woloza kochokera mphepo, ndipo pansi pake panali timakapu titatu tozungulira mphepo ikamaomba. Mphepo ya pansi pano ndi yabodza. Imakhota m'zigafa, imagunda mitengo, ukawaza fumbi limapita uku ndi uku. Ya kumwamba kuja sinama. A Lameki anazindikira kuti muvi ukamaloza kumwera chakum'mawa, mvula kaya igwe yochuluka bwanji, ndi chizimalupsa chabe, chongozimitsa moto wa m'tchire n'kupita. Ukatembenukira kumpoto chakuzambwe, cha ku Zambia uko, n'kukhala komweko masiku atatu, mvula yobwerayo ndiyo yodzalira. Mudzi wonse unazolowera kudzala motsatira muvi umenewu, ngakhale aja ankaseka kwambiri.

A Lameki atamwalira, muvi nawo unaima. Unangoloza kumodzi, timakapu n'kusiya kuzungulira, ndipo panalibe woganiza zokwera. Pakhomopo panatsala mayi Perpetua, mkazi wa malemuwo, mwana wawo Elube, kakhanda ka Elube kotchedwa Comfort, ndi mwamuna wa Elube, Samsoni.

Samsoni anali mkamwini wochokera ku Mtunthama, kumene ankakonza njinga pansi pa mtengo asanakwatire. Makolo ake pomupatsa dzinalo anali ndi chiyembekezo chachikulu, koma munthuyo anakula wowonda ngati mpini wa khasu. Khama anali nalo, zimenezo palibe ankatsutsa. Matenda ake anali phuma. Chaka chapitacho mvula yoyamba itagwa, ndiye anaumiriza Elube kuti adzale mawa lake lomwe. Anati mvula ndi mvula, chitsulo chadzimbiri sichingauze mlimi chochita. Anadzala paketi yonse ya mbewu ya kuponi, chimanga chinamera bwinobwino, kenaka dzuwa linaswa mtengo masabata atatu, chonse n'kupserera. Mbewu ya kuponi sibwera kawiri pachaka. Anabwereza ndi chimanga chofumbwa cha m'nkhokwe, chinamera mwa apo ndi apo, ndipo pokolola nkhokwe inafika pakati pokha.

Mayi Perpetua sananene kanthu, ndipo kusanenako ndi kumene kunkamudya Samsoni. Akadamukalipira bwenzi zitatha. Koma akadamukalipira bwanji, poti mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso? Zaka zitatu ali pakhomopo, Samsoni ankawadziwa apongozi akewo ndi chitenje ndi zidendene basi. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Moni ankapatsana chapatali atanyonyomala, aliyense akuyang'ana kwake. Mawu onse ankadzera mwa Elube, amene ankadandaula kuti anamusandutsa positi ofesi.

Chaka chino kuponi inatulukanso m'dzina la mayi Perpetua, ya feteleza ndi paketi imodzi ya mbewu. Elube anabereka Comfort n'kupita kukaima pamzere kudepoti, pamodzi ndi pafupifupi mudzi wonse, ndipo aliyense ankadziwa kuti mzere umenewo ndi wogonera konko masiku awiri kapena atatu. Samsoni anatsala chifukwa cha nazale ya fodya, imene imafuna madzi m'mawa ndi madzulo osajomba.

Tsiku lachiwiri m'mawa, akuchokera kothirira, anaona mitambo ikuunjikana. Kunkatentha mwa mtundu uja woti thukuta limayamba munthu usanagwire khasu. Anaika makeni pansi, nayang'ana muvi woima uja nthawi yaitali. Mvula ikagwa, anthu adzachokera kudepoti molunjika kumunda, ndipo Elube adzamufunsa ngati adzale kapena ayi. Kulakwa kamodzi anthu amati ndi ngozi. Kachiwiri amayamba kufunsana kuti kodi basi ya ku Mtunthama imanyamuka nthawi yanji. Ndipo ngakhale atapanda kufunsana, nkhokwe yofika pakati zaka ziwiri zotsatizana ndi njala yeniyeni.

Mayi Perpetua anali pakhonde akuswa mtedza wambewu. Samsoni anakanyonyomala pambali pa nkhokwe, natsokomola kawiri ngakhale analibe chifuwa.

"Munthu atafuna kukwera mlongoti uja," anatero akuyang'ana nkhokwe, "kaya angayambire pati."

Mtedza unasiya kulira. Mayi Perpetua anayankha akuyang'ana m'lichero.

"Bambo ake Elube ankati wokwera savuta kupeza. Wovuta ndi wogwira chingwe."

"Nanga iwowo akamakwera, ankawagwirira ndani?"

"Zaka makumi awiri ndi zisanu," anatero mayi Perpetua, akulankhulabe ndi lichero, "sanagwepo."

Samsoni anamva kuti wogwira chingweyo anali iwo omwe. Iyeyo akhale pamwamba pa mutu wa apongozi, miyendo ili lende, iwo ali pansi akumuyang'ana. Zoterezi kwawo sanazimvepo. Anaganiza zodikira Vincent, mnansi wawo, koma Vincent anali pamzere, komanso anali asanagwirepo chingwe cha boti chibadwire. Mitambo nayo sinkadikira munthu. Anangoti, "Zikomo," n'kukhalabe pomwepo.

Mayi Perpetua anadzuka, nakwera kamakwerero kolowera m'boti, nathamangitsa nkhuku imene inkaikira m'kachipinda kaja. Anatulukamo ndi thabwa lalifupi lobooledwa m'makona, lomangidwa zingwe ngati katungwe wa ana, ndi kathumba ka masipanala. Anaziika pansi, nabwerera m'mbuyo kuti mkamwini atole. Kuyambira pamenepo ntchito yonse inayenda motero. Iwo ankauza mbali ya boti zimene bambo ake Elube ankachita, Samsoni ankafunsa mlongoti zimene munthu angachite, ndipo ankamvana bwino kuposa mabanja ambiri oyang'anana kumaso.

Chingwe chakale chokwezera matanga chinali chikadalipo, chodutsa pa kagudumu kansonga n'kutsikira pansi, koma dzuwa linali litachidya moti ukachikanda chinkatuluka ufa. Samsoni anakatenga chingwe chatsopano chomangira katundu pangolo. Anayamba kuganiza za momwe angachikwezere, koma mayi Perpetua anali atatulutsa kale singano yosokera matumba. Analumikiza nsonga ya chatsopano ndi ya chakale, nazisoka mosalala kuti pasakhale mfundo yokakamira pa kagudumu, ndipo atakoka chakale pang'onopang'ono, chatsopano chinakwera pambuyo pake n'kutsikira mbali inayo. Samsoni anachita manyazi kuti nzeru yophweka choncho sinamufikire.

Patsinde pa mlongoti panali winchi, chitsulo chonga kamtondo, chozungulira mbali imodzi yokha chikulira ke-ke-ke. Mayi Perpetua anakulungapo chingwe katatu, nagwira mchira wake.

"Bambo ake Elube ankayamba alendewera kaye pafupi ndi pansi, n'kudzigwedeza," anauza winchi. "Chingwe chofuna kuduka chiduke munthu ali poti akagwa angothyola ulemu wokha."

Samsoni anakhala pathabwa, nalendewera, nadzigwedeza. Chingwe chinalimba. Anamangirira sipanala iliyonse ndi kaluzi kake, chifukwa bambo ake Elube anagwetsapo imodzi ndipo wogwira chingwe anakhala ndi chotupa sabata yathunthu. Kenaka anakumbatira mlongoti n'kuyamba kukwera. Iye akadzikoka m'mwamba pang'ono, pansi winchi inkalira, chingwe n'kulimba pansi pa thabwa. Sanali kunyamulidwa ndi mphamvu za mayi wokalamba. Chitsulo ndicho chinkanyamula, iwo ankangoonetsetsa kuti chimene wakwera asachibwezenso.

Pakati pa mlongoti panali mtanda wopingasa, pomwe pankadutsa mawaya olimbitsa mlongotiwo. Atafika pamenepo analakwa kuyang'ana pansi. Boti linaoneka laling'ono ngati mtsuko. Munthu amene anakulira pansi pa njinga sadziwa kuti amaopa kutalika mpaka tsiku lotere. Anatseka maso, nakumbatira chitsulo chotentha, napemphera pemphero lalifupi lopanda mutu. Chingwe sichinagwedezeke ngakhale pang'ono. Pansi panalibe womufulumizitsa kapena womufunsa kuti zili bwanji. Patapita kanthawi mantha anachepa, ndipo anapitiriza.

Pansonga anapeza mphepo yozizirira imene pansi kunalibe. Anaona dziko lonse la Kasungu litayalidwa, mizere yolimidwa kale ikudikira, zigafa zopanda kanthu, misewu yofiira, ndi phiri la Kasungu chapatali. Zaka zitatu akulima pamenepa anali asanadziwe kuti munda wa apongozi ndi wokhota ngati chikwakwa. Anasangalala ngati mwana, kenaka anakumbukira chimene anakwerera.

Matenda a muvi sanali obisika. Mavu aja omanga ndi dothi anali atamanga nyumba yawo pomwe muvi umazungulirapo, dothilo n'kuuma gwa. Mchira wa muvi unali utang'ambika theka. M'kakapu kamodzi munadzaza zitosi za mbalame. Panalinso waya wotsikira m'kati mwa mlongoti, wopita ku kawotchi kena ka m'boti kosonyeza liwiro la mphepo, kamene kanafa mzungu asanachoke, ndipo umenewo anangouleka. Anamangirira chida chonse ndi luzi kuthabwa lake asanamasule kanthu, monga anauzidwira. Bawuti imodzi inamasuka mwaulemu. Inayo inakana mpaka ataidonthezera palafini ndi kuigogoda, akuinyengerera ndi mawu amene sakanafuna kuti afike pansi.

Atatsika anapeza mphasa itayalidwa pamthunzi wa boti. Iye anakhala kumapeto kwina, mayi Perpetua anakhala kuseri kwa mtengo wochirikiza boti, chammbali. Apa tsopano Samsoni anali kwawo. Anamasula chidacho mwaluso, natulutsa timipira tachitsulo tofanana ndi ta mu habu, pakati pa gudumu la njinga, koma tating'ono, natiika m'chivundikiro cha botolo kuti tisasowe. Anapala dothi la mavu ndi kansonga ka sipoko. Kenaka anatulutsa kachitini kake ka girizi, kamene anabwera nako kuchokera ku Mtunthama, natsegula monyadira.

Kuseri kwa mtengo kunamveka chifuwa.

"Bambo ake Elube anapakapo girizi chaka china," mayi Perpetua anauza mtengowo. "Fumbi la Okutobala litalowa, zinasanduka phala. Anakwera kawiri chaka chimenecho, ndipo wogwira chingwe sanasangalale."

"Koma njinga zonse munthu amapaka girizi," anatero Samsoni polankhula ndi kachitini.

"Njinga imapalasidwa ndi mwendo wa munthu. Ichi chimapalasidwa ndi kamphepo kosatha kunyamula nthenga."

Samsoni anatseka kachitini. Zinamuwawa, chifukwa girizi ndiye anali chipembedzo chake, koma anadziwa kuti n'zoona. Anatsuka timipira m'palafini mpaka tinawala. Pamphasa panafika kabotolo ka oyilo wa makina osokera, kokankhidwa ndi ndodo, kamene mayi Perpetua anagula kalekale kwa a Salehe atelala. Dontho limodzi lokha, anauzidwa, lachiwiri ndi loitana fumbi.

Mchira watsopano anadula pa chivundikiro cha poto wakale wobooka, naukhomera ndi timisomali tiwiri. Ankaganiza kuti watha, koma anamva kuti bambo ake Elube ankagoneka muvi pachala. Ukapendekera kumchira kapena kumutu, umadya timipira mbali imodzi ndipo umayamba kunama. Samsoni anaugoneka pachala, unagwera kumchira. Anadulako pang'ono, unagwabe. Anamangirira kanati ka bawuti kumutu ndi waya, unagwera kumutu. Anasintha kanati, nadulakonso, thukuta likugwera pamphasa, mpaka kachisanu ndi chiwiri muvi unagona pachala chake osasankha mbali.

Anabwezera zonse m'malo mwake, nanyamula chidacho m'mwamba, nauzira timakapu ndi pakamwa. Tinazungulira. Tinazungulirabe iye atasiya kuuzira, tikulira kaphokoso kakang'ono ngati ka chiwala. Samsoni anaona ndi ngodya ya diso dzanja la apongozi likukweza nsonga ya chitenje kupita kumaso, ndipo anazindikira kuti kaphokoso aka mayiwa anakamva zaka zonse za ukwati wawo, n'kukasowa chaka cha maliro. Anawamvera chisoni, ndipo anachedwa dala kulongedza masipanala.

Pokwera kachiwiri dzuwa linali litapendeka, mitambo itada bii chakum'mawa. Mantha analipo koma ochepa. Anamanga mabawuti onse awiri, namasula luzi. Muvi unagwedezeka uku ndi uku ngati munthu wodzuka kutulo, kenaka unaima nji, timakapu n'kuyamba liwiro. Samsoni anaseka yekha kumwambako. Anagogoda mlongoti kawiri ndi sipanala, chizindikiro chimene anagwirizana, ndipo chingwe chinayamba kumutsitsa.

Atangotsala pang'ono kufika pa mtanda wopingasa uja, chingwe chinaima. Anadikira. Sichinasunthe. Mphepo inali itakula, mawaya akulira, mlongoti ukugwedezeka pang'ono, ndipo kutali kunagunda bingu. Pansi, chingwe chinali chitakwerana chokha pa winchi n'kudzimanga, ndipo kulemera kwa munthu wolendewerayo n'kumene kunkachilimbitsa. Sichikanamasuka pokhapokha iye atachotsa thupi lake pathabwa. Mayi Perpetua ankalankhula, Samsoni ankaona mutu wawo ukugwedezeka, koma ankalankhula ndi winchi, ndipo mphepo inkanyamula mawu onse kupita nawo kudambo.

"Munthu sakumva," anakuwa Samsoni, akuyang'ana mlongoti.

Analankhulanso, mawu anapitanso kudambo. Dontho loyamba linamugunda pakhosi. Mphezi inang'anima, ndipo sipankafunika sukulu kuti munthu adziwe kuti pachitsulo chachitali kuposa mitengo yonse si pokhala nthawi ngati imeneyo.

Kenaka anamva bwinobwino, mawu olunjika kwa iye.

"Bambo a Comfort. Ndiyang'aneni kuno."

Anayang'ana. Mayi Perpetua anali atabwerera m'mbuyo, mchira wa chingwe uli m'manja, nkhope itakwezedwa kwa iye. Kanali koyamba kuiona. Inali nkhope ya Elube yemwe, ndi mpata womwe uja wa pakati pa mano, kungoti iyi inali itadutsa m'zaka.

"Tambasulani mwendo wamanja. Pondani mtandawo. Musaope, ndi wolimba, bambo ake Elube ankakhalapo. Tsopano imirirani, mugwire waya ndi manja onse. Musakhalenso pathabwa mpaka nditanena."

Anachita monga anauzidwira. Chingwe chinalefuka. Anaona manja awo akumasula zokwerana zija mwachangu, akukulunganso katatu, akukoka mpaka thabwa linamugunda kumbuyo.

"Khalani tsopano. Ndakugwirani."

Anakhala, ndipo anatsika bwinobwino mpaka mapazi anagunda matabwa a boti. Mvula inagwa nthawi yomweyo ngati inkadikira iyeyo. Mayi Perpetua anathamangira pakhonde, Samsoni anabisala pansi pa boti, ndipo aliyense anabwerera kuyang'ana kwake ngati palibe chachitika. Koma onse awiri ankasuzumira kumwamba. Muvi unkaloza kumwera chakum'mawa, osasuntha.

Inagwa yambiri mvula imeneyo. Madzi anayenda m'mizere, fungo la dothi linadzaza mudzi, ndipo mawa lake anthu anabwera kuchokera kudepoti ndi matumba panjinga ndi pangolo, ena osalowa n'komwe m'nyumba. Elube anafika masana atatopa, feteleza ndi paketi ya mbewu zili pangolo ya Vincent. Anaona timakapu tikuzungulira, naima.

"Mwakwera ndinu?"

"Ndine."

"Nanga chingwe anagwira ndani?"

Samsoni anayang'ana pansi. Elube anayang'ana kukhonde kumene amayi ake ankaswa mtedza mwakhama lodabwitsa, ndipo anaseka mpaka anakhala pathumba la feteleza, Comfort n'kudzuka kumsana.

Vincent sanaseke. Anati nthaka yanyowa mpaka m'kati, ndipo wodikira chitsulo adzadya chitsulo. Anapita kukadzala tsiku lomwelo, ndi ena ambiri. Ena ochepa, makamaka achikulire, anakweza maso podutsa, nabwerera kunyumba ndi mbewu zawo.

"Ifeyo titani?" anafunsa Elube madzulo ake.

"Tidikira," anatero Samsoni. Mawuwo anatuluka movuta ngati bawuti yadzimbiri ija.

Kudikira kunamuvuta kuposa kukwera. Paketi ya mbewu anaiika m'chitini m'kachipinda ka boti, kumene makoswe safika, ndipo tsiku lililonse ankapeza chifukwa chokaiona. Tsiku lachisanu munda wa Vincent unaoneka tinsonga tobiriwira, mizere yonse, ndipo Vincent podutsa anafunsa mokoma ngati akamwini akudwala. Samsoni anayamba kudzikayikira. Mwina kanati kaja kanali kolemera. Mwina mchira wa poto ndi wonama. Mwina chaka chatha analakwa pofulumira, chaka chino akulakwa pochedwa, ndipo ndi munthu amene anangobadwa wolakwa. Elube anamuuza kuti fulumira anadya gaga, iye anayankha kuti gaga ameneyo akumudziwa kukoma kwake, asamukumbutse. Anakapalira nazale imene inalibe udzu, nakonza njinga ziwiri za anthu osamupempha.

Kumwamba kunayera mbee. Tsiku lachisanu ndi chinayi chimanga cha Vincent chinayamba kupota masamba masana, lakhumi ndi chimodzi sichinawongokenso ngakhale m'mawa. Samsoni sanakondwere. Ankadziwa momwe munthu amamvera poyenda m'munda wotero, ndipo anakathandiza Vincent kuthirira ndi makeni mizere iwiri ya kufupi ndi dambo, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti nyanja sathira ndi supuni. Mwamwayi mkazi wa Vincent, ataona timakapu tikuzungulira tsiku lija, anali atabisa theka la mbewu m'mtsuko osauza mwamuna wake.

Tsiku lakhumi ndi chitatu, Samsoni akupita kothirira, anakweza maso mwachizolowezi, naima. Muvi unali utatembenuka. Unkaloza kumpoto chakuzambwe. Anaika makeni pansi, nazungulira boti kuti aone kuchokera mbali ina, ngati kuti ungasinthe. Tsiku lonse ankagwira ntchito khosi lili m'mwamba. Mawa lake unali komweko. Mkuja wake unali komweko, mpweya utalemera, ndipo masana mitambo inabwera kuchokera cha ku Zambia, yotsika, yopanda phokoso. Inagwa modekha mpaka madzulo, inapuma, n'kugwanso.

Kutacha anthu anasonkhana pakhomo pa mayi Perpetua monga ankachitira nthawi ya a Lameki, makasu pamapewa. Vincent anali patsogolo ndi mtsuko wake. Samsoni anali chapatali, pafupi ndi ngolo, pamalo pa mkamwini.

"Mayi, tabwera," anatero Vincent atapereka moni. "Tapsa kamodzi, sitikufuna kupsanso. Inu munakhala nawo a Lameki. Kodi iyi ndi yomweyo? Tidzale?"

Mayi Perpetua anamanga bwino mpango wawo, osafulumira.

"Mukufunsa ine chifukwa chiyani? Ine ndimangogwira chingwe. Muvi uli ndi mwini wake, ndi awo ali apowo. Pakhomo pano tidzala tsiku limene anene bambo a Comfort."

Anthu onse anatembenuka. Chaka chathunthu Samsoni ankayenda pakhomopo ngati munthu amene waswa mtsuko wa eni ake, ndipo tsopano mbewu yomweyo ya chaka chonse inaikidwa pakamwa pake, pamaso pa mudzi. Anafuna kuthokoza koma sanadziwe choyang'ana. Anapita kumzere woyamba wa munda, nagwada, nalowetsa dzanja m'nthaka. Linalowa mpaka pachigongono, monse muli monyowa. Anakweza maso kumuvi, nauyang'ana nthawi yokwanira kuti asadzanenedwe kuti wafulumira.

"Tidzale," anatero.

Palibe anafunsa kachiwiri. Anthu anabalalika, Elube anakatenga paketi m'boti naing'amba ndi mano. Samsoni anatsogola ndi khasu akukumba mapando, ndipo pambuyo pake ankamva mapazi a apongozi ake, akuponya mbewu m'phando lililonse limene iye wakumba, n'kukwirira osaliyeza.